Galasi m'Thumba la Ufa

Mwamuna wanga, Dunstan Mulubwa, ndi munthu woti akhoza kugwera m'ngalande dzuwa likuswa mtengo chifukwa maso ali kumwamba. Ndakhala naye zaka zoposa makumi anayi, ndiye za iye musandiuze. Kwawo ndi ku Mansa, ine kwathu ndi ku Katete. Tinakumana muno mu Lusaka, ku kwaya ya tchalitchi, ndipo chibadwire mwana wathu woyamba, Emmy, iye amanditchula bana Emmy, ine ndimati bashi Emmy, monga amachitira akwawo.

Ankagwira ntchito yokonza zipangizo za anthu oyeza malo pa kampani ina ya boma. Zipani zitachuluka, makampani n'kuyamba kugulitsidwa, yawo siinachedwe. Mu 1994 anabwera kunyumba ndi kalata m'thumba ndi kabokosi ka tizitsulo take m'khwapa. Anzake amene anachotsedwa nawo limodzi, ena analowa mowa, ena anabwerera kumudzi, wina tinakamuika m'manda chaka chisanathe. Wanga anapeza katebulo m'tauni, pambuyo pake mu City Market, n'kumakonza mawotchi ndi magalasi a maso. Ine ndinayamba kukazinga zitumbuwa zogulitsa pansi pa mafulati athu ku Kabwata.

Ndiye anayamba misala yake. Anatola galasi lozungulira, lalikulu ngati mbale yodyera, kuchindikala kwake zala ziwiri. Anaimika mgolo pakati pa khitchini yanga, n'kumalipera galasilo pa linzake ndi mchenga wakuda wa m'tibotolo, uku akuzungulira mgolowo. Khwee, khwee, khwee, madzulo alionse, miyezi khumi ndi inayi! Ine mwini khitchini ndinkaphikira pakona. Litaloŵa m'kati pang'ono monga ankafunira, analipaka siliva ndi mankhwala amene anampatsa mnzake wophunzitsa sayansi. Sanapake kumbuyo monga galasi lodziyang'anira, anapaka pamwamba penipeni. Tsiku lomwelo anandiikira lamulo.

"Bana Emmy, iyi gilasi musaigwile. Musaipukute olo na kanyula kofewa. Siliva yake niyopepuka maningi, mukapitisapo chabe chala, yachoka."

"Nanga ine niifunila chani?" ndinatero. "Nichoseleni chabe mugomo wanu mu kicheni."

Galasilo analimangirira kunsi kwa paipi yotuwa ya pulasitiki, yaitali kuposa ine, ndi tizomangira titatu topotokola ndi zala. Cha kukamwa kwa paipiyo anaika kagalasi kosuzumirapo, ndipo pamsana pake anamangirira kapaipi kena kakang'ono kolozera, kokhala ndi timawaya tiwiri topingasa. Anakhomera miyendo ya matabwa, n'kuiimika pakhonde la fulati yathu ya pamwamba. Iye ankati telesikopu. Ine ndinkati paipi, ndipo mpaka lero ndimatero.

Ndinkadana nayo, sindibisa. Dzuwa likangoloŵa, munthu uja ali pakhonde, chakudya chikuzizira patebulo. Ndinasuzumiramo kamodzi, ndinaona mdima ndi nsidze zanga, ndinati zikomo. Iye anali ndi kabuku ka ana asukulu momwe ankajambula zimene waona, n'kulemba tsiku ndi nthawi. Koma ndinenenso chilungamo: pamene amuna a anzanga ankabwera akudzandira, wanga ndinkadziŵa kumene ali. Paipiyo ndi imene inamuimika munthuyu ntchito itatha.

M'maŵa wa pa 28 Okutobala 1997 tinadzuka n'kumva mawu achilendo pa wailesi. Asilikali ena ankati alanda boma. Pofika masana zinali zitazimitsidwa, koma mantha ndi amene anatsala. Boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi, anthu n'kuyamba kutengedwa, kutsekeredwa osaonekera kukhoti. M'minibasi anthu anasiya zokamba zandale, aliyense n'kumayang'ana pawindo. Ndinamuuza bamboyo kuti aloŵetse paipi m'nyumba.

"Bashi Emmy, simuona mwamene vilili? Ingeniseni."

"Bana Emmy, Saturn ali pabwino maningi iyi myezi. Nikamusiya manje, mvula izayamba, ninshi yasila."

Saturn ndi pulaneti lake la pamtima, lija ankati lili ndi mphete. Nthawi imeneyo linkaonekera kum'maŵa kukangoyamba kuda. Ndipo kum'maŵa kwa khonde lathu, kuseri kwa madenga ndi mitengo, kunali kampu ya asilikali. Ana a m'mafulati onse ankadziŵa zimenezo. Amene sanaziganizire ndi mwamuna wanga yekha.

Patapita milungu itatu, Lachitatu cha m'ma 2 koloko masana, ndinali kukhitchini ndikuwolola zitumbuwa m'mafuta. Josephine, mnzanga wa fulati ya pansi, analoŵa osagogoda, akupuma mwaŵefuŵefu.

"Bana Emmy, kwenze bamuna batatu na motoka ya waiti. Benze kufunsa pali ija paipi. Ati inalata ku kampu monga mfuti. Bayenda kutenga ba Mulubwa ku maliketi, bazabwela nabo manje manje."

Anatuluka msanga, kuopa kupezeka m'nyumba mwathu. Sindimuimba mlandu.

Ndinali nditamva mmene anthuwa ankasechera. Ku Chelstone, kwa msuweni wanga, mnansi wawo anamung'ambira matiresi, wailesi n'kuiswera pansi kuti aone za m'kati. Tsono apa ndi pamene ndimadzidabwa mpaka lero. Sindinaganize za mwamuna. Ndinaganiza za galasi. Ndinaona m'maganizo nsapato ya wapolisi ikuliponda, miyezi khumi ndi inayi ija itamwazika pasimenti, ndipo ndinadziŵa kuti likasweka, munthu wanga asweka nalo.

Ndinathamangira pakhonde. Ndinali nditamuona kangapo akulichotsa, choncho ndinapotokola tizomangira tija, galasi n'kutsetserekera m'manja mwanga, manja a mafuta a zitumbuwa. Pansi panamveka zitseko za galimoto. Ndinayang'ana pansi pa bedi, ndinati apeza. Mu wadilopu, apeza. Mapazi anali atayamba kukwera masitepe. Ndinatsegula thumba la ufa kuseri kwa chitseko cha khitchini, n'kulikankhira galasilo m'kati, mpaka pansi, lopanda ngakhale pepala.

Analoŵa anthu atatu ovala wamba, Dunstan ali pakati. Sanamumange, koma mmodzi anali atamugwira lamba kumbuyo. Wamkulu wawo anali bambo wamfupi, wa imvi za m'mbali, wolankhula mosakweza mawu. Anzakewo ankamutchula Inspekitala Kampamba. Mwamuna wanga ankamwetulira ngati walandira alendo.

"Ba bwana, ni telesikopu chabe, yoonela nyenyezi. Yanganani mukati kuchokela kukamwa, muzaona nkhope yanu pa gilasi pansi."

A Kampamba anaŵeramitsa paipiyo n'kusuzumira. Anakhala kanthawi.

"Niona simenti," anatero.

"Shani?"

"Niona simenti ya pa velanda panu. Mulibe gilasi umu. Ni paipi yoboola, ili na cholatila pamwamba."

Dunstan anasuzumira yekha. Kumwetulira kuja kunazima. Anapapasa kunsi kwa paipiyo, tizomangira titatu tili lendelende. Wina mwa anthu aja anali atapeza kabuku kaja, ndipo anakatsegula n'kukapereka kwa mkulu wawo. Tsamba lililonse linali ndi chithunzi chomwecho: kampira pakati, mzere wozungulira, ndi kadontho kamodzi kamene lero kali uku, maŵa kali uko. Pansi pake tsiku ndi nthawi. Masamba ena anali a masiku oyandikira 28 Okutobala.

"Iyi ni laundabauti iti?" anafunsa a Kampamba. "Na aka kadoti, ni gadi? Mwenze kulemba pamene aimilila?"

"Ni Saturn, ba bwana. Kadoti ni mwezi wake. Kamazunguluka."

"Mwezi uli umozi, ba Mulubwa, tonse timauziba." Anatseka kabukuko. "Pali chinthu chamene chenze kunsi kwa iyi paipi, chachosedwa lelo. Wamene wachosa aziba chifukwa chake. Ngati alipo muno, naye tiyenda naye." Anatembenukira kwa ine. "Amai, mwagwilako?"

Ndinaganiza za Emmy amene anali ku sukulu ya unamwino ku Ndola, kuti adzamva kuti bambo ndi mayi onse atengedwa. Ndinaganiza zimene amayi ankanong'onezana za m'zipinda zofunsiramo anthu. Thumba la ufa linali mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima.

"Iyai," ndinatero. "Ine sinigwilako vinthu va bamuna banga."

Dunstan anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi. Sananene kanthu. Anthu aja anasecha m'zipinda, anagubuduza matiresi, kukhitchini anangosuzumira n'kutola chitumbuwa. Anatsika ndi Dunstan, wina atasenza paipi, wina miyendo yake ya matabwa. Makatani a mafulati onse ankagwedera.

Ndinakhala pansi pakhitchini, pasimenti, maola aŵiri. Mundinene mmene mungandinenere. Ndinali nditapulumutsa galasi n'kupereka mwini wake. Ndinkati ndikaimirira, mawu aja n'kubwerera: naye tiyenda naye. Itadutsa 5 koloko Josephine anabweranso. Anali atamva dalaivala wa galimoto ija akutchula polisi imene ankapita, ndipo ananenanso china chimene chinandidzutsa.

"Banthu ba milandu iyi sibagona paja. Kumazulo kumabwela motoka ina kubatenga. Uko kwamene bayenda, palibe wamene aziba."

Ndinapisa manja m'thumba n'kulivuula. Mayo ine! Paliponse pamene zala zanga za mafuta zinakhudza, ufa unali utamatirira, phala lenileni. Ndinauzira, wouma unachoka, womata unatsala. Dzanja linapita lokha pa nsalu yopukutira mbale, koma ndinakumbukira lamulo lija n'kuibweza. Ndinaliika m'beseni, ndinavundikira ndi mbale, ndinamanga m'chitenje, ulendo.

Dzina la polisiyo sinditchula. Ndinafika dzuwa litatsala pang'ono kuloŵa. Pabenchi panja panali mayi wina wachitsikana atafukata kontena ya chakudya. Anandiuza kuti mwamuna wake Jonas, dalaivala wa minibasi, anamutenga chifukwa wina anakanena kuti m'maŵa uja wa asilikali ankaliza hutala mokondwera. Wapolisi wa pakauntala anati ndidikire. Sindinadikire. Ndinakweza mawu mpaka a Kampamba anatuluka mu ofesi.

Ndinagwada, n'kumasula chitenje.

"Ba bwana, ninanama. Ndine ninachosa. Ninayopa kuti muzaipwanya. Gilasi ni iyi."

Anayang'ana m'beseni, kenako ine. Nkhope yawo sinasinthe.

"Muziba kuti mwazingenesa mweka mu mulandu?"

"Niziba."

"Olo ikhale telesikopu, amai, ndiye yaipilatu. Telesikopu ndiye yoonela mukati mwa kampu." Anayang'ana wotchi. "Motoka ibwela naintini awazi, 7 koloko yeka yeka. Ngati ichi chamene chili mu buku chili kumwamba zoona, anionese na menso yanga. Ngati palibe, mukwela bonse babili."

Dunstan anamutulutsira kubwalo la kuseri, kumene amaimika galimoto zangozi. Analibe nsapato, analibe lamba, thalauza ataigwira ndi dzanja, mlomo wam'munsi utatupa. Atandiona anatseka maso. Kenako anaona beseni.

Ndamuonapo mwamuna wanga pa maliro a mayi ake, koma nkhope imene anaonetsa poyang'ana galasi lija sindinaionepo. Analinyamula ndi nsonga za zala, m'mbali. Anauzira. Anapempha madzi oyera ndi thonje, nati likatsukidwa bwino liyenera kuuma lokha.

"Kulibe manzi ku pompi kuchokela m'mawa," anatero wapolisi wina. "Na thonje, muganiza ni kiliniki ino?"

Wotchi ya pakhoma la kauntala inkaoneka pawindo. Inali 6:35. Kum'maŵa kunali mitambo yakuda ya mvula yoyamba, itaunjikana, mphezi zikung'anima patali.

Dunstan anakoka m'munsi mwa shati yake. Anaima kaye, dzanja lili m'mwamba. Kenako anapukuta. Ndinamva kukhwekhwereza kwa ufa pagalasi, ndipo ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe. Siliva ankachoka m'mizeremizere, n'kumatsalira pa shati ngati mwaye. Anapukutanso, kachitatu, kachinayi. Atamaliza, mwina theka lokha ndi limene linkaŵala, lonse lili zikandezikande.

Analimangirira kunsi kwa paipi. Kachomangira kamodzi kanagwa m'fumbi, ine n'kukwaŵa kukafuna. Ankasuzumira, kupotokola, kusuzumira, kupotokola, thalauza ikutsika, ine nditaigwira kumbuyo. Apolisi anayi anaima motizungulira. Wina anaseka, a Kampamba anamuyang'ana, analeka.

6:48. Mitambo ili pomwepo.

"Ali kuti?" anafunsa a Kampamba.

"Ali kuseli kwa ija mitambo, ba bwana. Pamwamba pa mutengo wa mango, mukweze menso pang'ono."

"Ine niona mitambo."

Ndinapemphera mapemphero onse amene ndikuŵadziŵa, ena a Chibemba amene sindiŵamvetsa n'komwe. Mphepo inayamba kuwomba, fungo la mvula lili m'mphuno. Kumsewu galimoto iliyonse ikachepetsa liŵiro, ndinkatembenukira kugeti. Itakwana 6:55 mtambo unang'ambika pang'ono, mpata wonga chikhatho, ndipo munali kanyenyezi kamodzi kachikasu, kosaphethira. Dunstan anagwada, analozetsa ndi kapaipi kakang'ono kaja, anasuzumira, anasuntha pang'ono. Anapuma mpweya wautali.

"Bwelani, ba bwana. Musagwile paipi. Ikani chabe liso."

A Kampamba anaŵerama. Anadzuka, anapita kukamwa kwa paipi, anasuzumiramo, anapapasa m'mphepete.

"Mwamatikamo pikicha."

"Iyai, ba bwana. Yanganani futi."

Anaŵeramanso. Kenako anafuula ngati mwana. "Chathaba! Chayenda kumbali!"

"Ni ziko yathu izunguluka, ba bwana. Pikicha siingathabe." Dunstan anakankha paipi pang'ono ndi chala. "Chabwela?"

"Chabwela." Mawu awo anali atatsika. "Chili na ling'i zoona. Leta buku." Wapolisi anathamanga nako kabuku, wina anaunikira ndi tochi. A Kampamba ankayang'ana tsamba la dzulo, n'kubwerera pa kagalasi, n'kubwereranso patsamba. "Kadoti sinikaona."

"Gilasi yaonongeka, ba bwana. Kadoti nikofooka. Sikazaonekanso."

Ananena mopanda kudandaula, ngati akunena za nyengo. Ine ndi amene ndinalira.

Pomwepo nyali za galimoto zinaunika geti. Inali galimoto yaitali yopanda mawindo kumbuyo. Anatsika anthu aŵiri, mmodzi ali ndi pepala. A Kampamba anaŵongoka, anakonza jekete, n'kupita kukakumana nawo. Tinkamva zidutswa chabe. Wa pepala uja ankati anauzidwa aŵiri. A Kampamba ankati mmodzi, winayo ndi nkhalamba yopenga ndi nyenyezi, alemba lipoti okha. Anakangana mphindi zingapo, wa pepala akuloza paipi, ndipo mtambo unali utatseka kale, moti akanati aone yekha, panalibe choti n'kumuonetsa. Potsiriza anakanda chinachake papepala lake ndi bolopeni.

Anatulutsa Jonas. Anali mnyamata wamtali, wovala jezi ya mpira. Mkazi wake anathamangira galimoto ndi kontena ija, koma chitseko chinali chitatsekedwa. Anaima pageti ataigwira ndi manja aŵiri mpaka nyali zinazimiririka.

A Kampamba anatibwezera nsapato, lamba ndi galasi. Paipi ndi kabuku anati zitsala.

"Amai," anatero, "siku ina mukafunsiwa, muzikamba zoona pamene apo. Endani."

Tinayenda wapansi, mvula ikuwaza. Iye ananyamula beseni, ine ndinalibe chonyamula, manja ankandilemera. Tinadutsa mitengo ya m'mbali mwa msewu osalankhulana. Ndinkayembekeza kuti akalipe, ndipo ndinkafuna kuti akalipe. Titayandikira mafulati ndinalephera kupirira, ndinaima pakati pa njira.

"Bashi Emmy, nikhululukileni. Banifunsa pamenso panu, ine nakana. Nakusiyani muyende mweka, gilasi ili pafupi. Sembe mwakwela ija motoka chifukwa cha ine."

Anaika beseni pansi bwinobwino. Anandigwira dzanja, analitembenuza, n'kuloza pachigongono, pamene panali patatsalira ufa.

"Bana Emmy, munali na unga mpaka apa. Ninaona pamene nangena chabe mu nyumba. Ninaziba kwamene ili."

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Munamvela vamene banakamba. Sembe batitenga tonse babili."

Anatola beseni lake n'kupitiriza kuyenda. Ine ndinatsala pamvulapo, ndikuyang'ana mikono yanga.